Amadzutsa mnzake ndani? Ulendo wa kompyuta kuchokera pa batani mpaka pa pasiwedi

Mwezi wa June ku Mzuzu, chifunga chitakuta tauni yonse, munthu suchoka m'bulangete popanda chifukwa chomveka. Tsiku limenelo chifukwa changa chinali foni ya amayi ena amene ali ndi shopu yotayipa, kupulinta ndi kufotokopa ku Luwinga, komwe makasitomala ambiri ndi ophunzira a pa yunivesite.

"Achimwene, fulumirani kuno. Makina aja ayaka koma sakufika kulikonse. Angolemba zoyera pa sikirini yakuda, ndipo ana ali pamzere ndi mapepala awo."

Magetsi anali atazima usiku n'kubwera mbandakucha. Makina amene ankanenawo ndi kompyuta yakale yomwe ndinaikamo Debian, mtundu wina wa Linux (pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse, ngati Windows), kuti izisunga mafayilo a makasitomala ndi kugawira pulinta makompyuta atatu a m'shopumo. Nditatsika pa sakaramento, ndinapeza mphwawo, mnyamata amene anamaliza Fomu 4 chaka chatha, atagwira kale fulashi m'manja. Maganizo ake anali amodzi basi: tifomate.

Mankhwala amenewa ndimawadziwa. M'tauni muno kompyuta ikangotsokomola timathamangira kufomata, ngati munthu wogwetsa nyumba chifukwa loko wavuta. Komatu zolemba zoyera zija zinali uthenga, ndipo zinkanena ndendende pamene ulendo unaimira. Kuti uwerenge uthenga wotere uyenera kuudziwa ulendowo, kuyambira pamene chala chadina batani mpaka pamene sikirini yapempha dzina ndi pasiwedi: amadzutsa mnzake ndani, ndipo amadikira mnzake ndani.

Magetsi akazima, memori ya RAM imaiwala zonse, osatsalako kanthu. Mapulogalamu amakhala ali pa disiki, koma kuti disiki iwerengedwe pamafunika pulogalamu. Nanga yoyambayo ichokera kuti? Imachokera m'kachipangizo kakang'ono komatidwa pa motherboard, kamene sikaiwala malangizo ake ngakhale magetsi atasowa chaka chathunthu. Pa makompyuta akale malangizowo amatchedwa BIOS, pa atsopano UEFI. Purosesa ikangolandira magetsi imayambira pamenepo. Choyamba imaona ngati ziwalo zonse zilipo ndipo zikuyankha, kuyeza kumene amati POST. Kulira kwa "pii, pii, pii" kumene makompyuta akale amachita RAM ikakhala kuti sinakhazikike bwino kumachokera apa. Kompyuta yolira chonchi musanamizire Windows kapena Linux, chifukwa sinafikeko n'komwe.

Ikakhutira, imafunafuna woti imusiyire ntchito. BIOS inali ndi njira yachidule: kuwerenga mabayiti 512 oyambirira a disiki, malo otchedwa MBR. Mwa amenewa, 446 ndi a malangizo, 64 ndi a ndandanda ya zigawo za disiki, ndipo awiri otsiriza ndi chidindo chosonyeza kuti disikiyi ingathe kudzutsa kompyuta. Mabayiti 446 ndi pafupifupi kukula kwa ma SMS atatu, choncho zolembedwa mmenemo zimangoloza kumene kuli malangizo enawo. UEFI ndi yopita kusukuluko pang'ono. Imatha kuwerenga mafayilo pa chigawo chake chapadera cha disiki, chokonzedwa mwa FAT ngati mafulashi ambiri, n'kutsegula yokha fayilo yodzutsira.

Wolandira ntchitoyo ndi boot loader, ndipo pa Linux kawirikawiri imakhala GRUB, ija imaonetsa kamndandanda kwa masekondi ochepa. Ntchito yake ndi kunyamula kernel kuchoka pa disiki kukaiika m'memori, n'kuinong'oneza mawu angapo, monga chigawo cha disiki chimene pali muzu wa mafayilo onse. Kernel ndiyo imalamulira memori, purosesa ndi zipangizo. Linux yeniyeni, imene Linus Torvalds anayamba kulemba ku Helsinki mu 1991, ndi kernel imeneyi. Zina zonse zimene timaona ndi zovala chabe.

Apanso pali kamsampha. Kernel imafuna madalaivala, timapulogalamu tolankhula ndi zipangizo, kuti iwerenge disiki, koma madalaivala ambiri ali pa disiki pomwepo. Choncho GRUB imaipatsa kamba wa paulendo, kafayilo kotchedwa initramfs, momwe muli madalaivala ndi zida zochepa zokwanira kufika pa disiki yeniyeni. Kernel imamasula kambayo m'memori, kudya zimene ikufuna, ndipo disiki ikapezeka imasamukira komweko. Ikafika imachita chinthu chimene chimandidabwitsabe mpaka lero. Pa mapulogalamu zikwizikwi amene ali pa disiki, iyo imadzutsa imodzi yokha. Mwachizolowezi ndi imene ili pa /sbin/init, imene mwachidule timangoti init. Imaipatsa nambala 1, n'kubwerera kuseri kukasamala memori ndi zipangizo. Kuyatsa netiweki, pulinta, wotchi, sikirini yolowera, zonsezo si za kernel. Ndi za nambala 1.

Pulogalamu ili pa disiki ndi fayilo wamba. Ikadzutsidwa n'kupatsidwa malo m'memori ndi nambala yake, imatchedwa process, ndipo nambalayo ndi PID. Mu Unix, imene Ken Thompson ndi Dennis Ritchie anayamba ku Bell Labs mu 1969 ndipo Linux inatengera makhalidwe ake, process sigwa kuchokera kumwamba. Imabadwa. Process imene ilipo kale imadzigawa pawiri, zimene amati fork, ndipo mwana amatuluka wofanana ndi kholo lake ndendende, kupatula nambala. Kenako mwanayo amavula pulogalamu ya kholo n'kuvala ina, zimene amati exec. Mukalemba ls pa terminal, pamene timalembapo malamulo, shell, pulogalamu yolandira malamulowo, imabereka mwana, mwanayo amasanduka ls, amaonetsa mafayilo n'kufa, kholo lili chidikirire. Zonsezi zimatha musanaphethire. Ndinamuuza mnyamata uja kuti makina akachira alembe pstree. Chimatuluka ndi mtengo wa fuko, nthambi zonse zikubwerera kwa gogo mmodzi, PID 1. Okhawo amene sali m'fukoli ndi antchito a m'kati mwa kernel, amene kholo lawo ndi PID 2, kthreadd.

Ugogo umenewu uli ndi maudindo ake. Kholo likafa ana akadali moyo, anawo sasiyidwa pamtetete, kernel imawapereka kwa PID 1 kuti awalere. Ndipo process ikafa sichotsedwa m'kaundula nthawi yomweyo. Imasiya kauthenga konena mmene yathera, bwino kapena moipa, ndipo mpaka kholo litalandira uthengawo dzina lake limakhalabe m'ndandanda. Yafa, sikugwira ntchito, koma malo ake sanamasuke. Zotere amazitcha zombie. Zili ngati maliro amene uthenga wake sunakafike kwa amfumu: munthu wapita, koma mwambo sungayambe. Simungaiphe zombie, pakuti inafa kale. Chimene chimathandiza ndi kuti kholo lilandire uthenga, kapena kholo losasamalalo lichoke kuti PID 1 atenge udindo. Iye sakana uthenga wa wina aliyense. N'chifukwa chake PID 1 saloledwa kufa. Akangofa, kernel imaimitsa zonse n'kulemba kernel panic, ndipo palibe chochita koma kuyatsanso makina.

Tsono gogoyu akadzuka, adzutse ndani? Si nthawi zonse pamene timafuna kuti zonse ziyake. Amayi aja anamvetsa msanga kuposa mphwawo, chifukwa shopu yawo imakhalanso mosiyanasiyana. Usiku ndi yotseka. Kumapeto kwa mwezi amadzitsekera mkati okha kuwerenga mapepala ndi inki, kasitomala ngakhale agogode salowa. Masiku ena onse zitseko zimakhala zotsegula. Nyumba ndi yomweyo, katundu ndi yemweyo, chosiyana ndi amene ali pantchito. Runlevel ndi zimenezi: dzina la mkhalidwe wa makina, lonena ntchito zimene ziyenera kukhala zoyaka ndi zimene ziyenera kukhala zozima.

Njira imeneyi inatchuka ndi Unix System V, imene kampani ya AT&T inatulutsa mu 1983, ndipo inalowa mu Linux kudzera mu sysvinit, pulogalamu ya Miquel van Smoorenburg wa ku Netherlands. Manambala ake amayambira 0 kulekeza 6. Pa atatu pali mgwirizano: 0 ndi kuimitsa makina, 6 ndi kuzima n'kuyakanso, ndipo 1 ndi kuja kodzitsekera mkati, root yekha, ndiye mwini mphamvu zonse pa makina, popanda netiweki, pokonza zinthu. Apakatiwo aliyense anapita kwake. Kwa Red Hat, mtundu wina wa Linux, 3 inali makina a anthu ambiri okhala ndi netiweki koma zolemba zokhazokha, 5 inali zomwezo kuphatikiza sikirini ya zithunzi ndi mausi, 2 inali ngati 3 koma popanda kugawana mafayilo kwa NFS, ndipo 4 inangosiyidwa. Kwa Debian, 2 mpaka 5 zinali zofanana, makina n'kumayakira pa 2. Slackware, Linux inanso, inaika zithunzi pa 4. Ndiye pali Solaris, mtundu wina wa Unix, kumene 5 imatanthauza kuzimitsiratu magetsi a makina. Munthu wozolowera Red Hat akalemba init 5 pa seva ya Solaris pofuna zithunzi, chimene amapeza ndi chete.

Manambalawa amasocheretsa anthu pa chinthu chimodzi. Si masitepe ayi. Makina opita pa 5 sadutsa pa 2, 3 ndi 4 ngati basi ya ku Karonga yoima pa Ekwendeni ndi pa Phwezi. Amachita zoyambirira zofunika kwa onse, monga kuyeza ma disiki ndi kuwalumikiza, kenako amalunjika pa nambala imene auzidwa. Mukalemba runlevel pa makina otere mumayankhidwa zilembo ziwiri, monga N 3, kutanthauza kuti kumbuyoku kunalibe runlevel ina ndipo pano ali pa 3.

Amauzidwa kuti? Mu fayilo ya /etc/inittab, imene init amawerenga akangodzuka. Mzere wofunika kwambiri unkaoneka chonchi:

id:3:initdefault:

Nambala yapakatiyo ndiyo runlevel yoyakirapo. Fayilo ya Red Hat inkachenjeza kuti musaikepo 0 kapena 6, ndipo chifukwa chake n'choseketsa ukamamva kwa ena: ukaika 0 makina amayaka n'kudzizimitsa okha, ukaika 6 amangozungulira, kuyaka, kuzima, kuyaka, mpaka utawalowerera kudzera pa GRUB. Mizere ina inali yotere:

1:2345:respawn:/sbin/getty 38400 tty1

Apa init akuuzidwa kuti pa runlevel 2, 3, 4 ndi 5 adzutse getty, kapulogalamu kamene kamalemba login pa sikirini, ndipo kakafa akadzutsenso. Liwu la respawn ndilo limachititsa kuti mukatuluka, sikirini yopempha dzina ibwerenso yokha.

Ntchito zina zonse, monga netiweki, pulinta ndi SSH (njira yolowera m'makina uli patali), zinali ndi dongosolo lina, ndipo ndi limene ndimalikonda chifukwa umaliona ndi maso. Mu foda ya /etc/init.d munkakhala ma script, timafayilo ta malamulo olembedwa motsatana, ntchito iliyonse yake, ndipo iliyonse inkamva mawu ochepa: start, stop, restart. Kenako runlevel iliyonse inali ndi foda yake, monga /etc/rc3.d ya runlevel 3. Mmenemo simunali ma script enieni koma tizikwangwani toloza ku init.d, mayina ake oyamba ndi S kapena K, kenako manambala awiri. S ndi kuyatsa, K ndi kuzimitsa, nambala ndi malo pamzere. Pa Red Hat munkapeza S10network ndi S55sshd. Netiweki imayamba chifukwa 10 ndi wochepa kuposa 55, ndipo n'zomveka, pakuti SSH popanda netiweki ndi foni yopanda simu. Posintha runlevel, init ankayamba ndi onse a K m'foda yatsopanoyo, kenako onse a S, mmodzimmodzi. Kufuna kuti ntchito isamayake kunali kungosintha S kukhala K, zimene chkconfig ya Red Hat ndi update-rc.d ya Debian zinkachita m'malo mwako.

Kukongola kwake n'komwenso kunali kufooka kwake. Mzerewo unali umodzi, ngati pa chigayo cha injini imodzi. Script ya netiweki ikaima kudikira adiresi kuchokera ku rauta yomwe sinayake, onse akumbuyo ankaima nayo, ngakhale amene alibe nayo ntchito netiwekiyo. Manambala ankaikidwa ndi anthu, ndipo nambala simanena chifukwa: 55 sikuuza kuti akudikira 10 kapena 25. Choipa kwambiri, script ikangoyatsa ntchito inkachoka, osayang'ananso m'mbuyo. Pulogalamu ya pulinta ikafa masana, init sankadziwa. Wodziwa woyamba anali kasitomala. Ndipo dongosolo lonseli linapangidwira makina aakulu okhala m'chipinda chimodzi, amene zipangizo zake sizisintha, osati laputopu imene mwalowa fulashi, mwatuluka dongle ya intaneti, Wi-Fi yabwera, yapita.

Ambiri anayesa kukonza. Apple inabweretsa launchd mu Mac OS X 10.4 mu 2005, chaka chomwenso Solaris 10 inabwera ndi SMF. Ubuntu 6.10 ya mu 2006 inabwera ndi Upstart, yomwe inkadzutsa ntchito potsatira zochitika, monga kuoneka kwa disiki. Mu 2010 Lennart Poettering wa ku Red Hat ndi Kay Sievers wa ku Novell anatulutsa systemd. Fedora 15 inamutenga mu 2011, Red Hat Enterprise Linux 7 mu 2014, ndipo Debian 8 ndi Ubuntu 15.04 mu 2015. Sizinayende mwamtendere. Ku Debian mkangano unakula mpaka ena anapatuka mu 2014 n'kuyambitsa Devuan, Debian yopanda systemd. Dandaulo lawo linali lakuti pulogalamu imodzi yalanda maudindo ochuluka, kusiyana ndi mwambo wa Unix wa tizida ting'onoting'ono, kalikonse ntchito yake. Dandaulo limenelo sindilipeputsa. Koma ine amene ndimayendera makina a m'mashopu a eni, m'tauni momwe magetsi amatha kuchoka osatsanzika, ndimasankha woyang'anira amene amakhalabe maso ntchito zikayaka.

Kusintha kwakukulu kwa systemd ndi kwakuti anataya mzere. M'malo mwa nambala, ntchito iliyonse ili ndi kafayilo kake, kotchedwa unit, momwe imanena yokha zimene imafuna. Taganizirani za kukhitchini. Nsima siingaphikidwe madzi asanatenthe, koma palibe lamulo lakuti usipa udikire nsima. Wophika wanzeru amaika zonse pamoto nthawi imodzi, n'kudikira chokhacho chimene chiyenera kudikira. Systemd amawerenga ma unit onse, kuona amene akudalirana, n'kudzutsa pamodzi onse amene sakudikira kanthu.

Mawu a m'ma unit amenewa ndi ochepa koma amapunthwitsa. After imanena za nthawi basi: ngati tonse tikuyaka, ine ndibwere pambuyo pa uje. Simalamula kuti ujeyo ayatsidwe. Wants imati ujeyo ayatsidwe, koma akalephera ine ndipitirira. Requires ndiyo yolimba, ndipo ikaphatikizidwa ndi After imati akalephera iye, inenso sindiyaka. Anthu ambiri amalemba After yokha n'kumadabwa kuti chimene amadalira sichinayake. Komanso systemd amaika ntchito iliyonse pamodzi ndi ana ake onse m'khola limodzi la kernel lotchedwa cgroup, moti palibe mwana wothawa osadziwika mwini wake. Mukalemba Restart=on-failure mu unit, ntchito ikagwa amaidzutsanso yekha, monga respawn ija, koma tsopano kwa aliyense.

Nanga ma runlevel anapita kuti? Anasanduka ma target, amene ndi mayina a magulu a ma unit. Zakale zija anazisungira malo: 0 ndi poweroff.target, 1 ndi rescue.target, 2 mpaka 4 ndi multi-user.target, 5 ndi graphical.target, 6 ndi reboot.target. Kusiyana kwake n'kwakuti ma target amasanjikizana. Graphical.target imafuna multi-user.target, imeneyo imafuna basic.target, imeneyonso imafuna sysinit.target, moti angapo amakhala oyaka nthawi imodzi, pamene runlevel inkakhala imodzi basi. Inittab anaiwalika. Kufunsa kumene makina amayakira ndi systemctl get-default, kusintha ndi systemctl set-default multi-user.target, ndipo kusamuka pompano popanda kuzimitsa ndi systemctl isolate. Pa kompyuta ya m'shopu ija ndinasiya multi-user.target dala. Seva yokhala pansi pa tebulo sifuna zithunzi, ndipo memori imene zikanadya ndi yochuluka kwa makina okalamba.

Pali mawu ena awiri amene ndawaona akulizitsa anthu: start ndi enable. Systemctl start imayatsa ntchito lero, pompano, koma makina akazima zaiwalika. Systemctl enable siyatsa kanthu lero, imangoika kachikwangwani m'foda ya target kuti mawa poyaka ntchitoyo ikumbukiridwe. Ndi S wakale uja atavala malaya atsopano. Munthu amaika pulogalamu, amalemba start, zonse zikuyenda, amalandira ndalama zake n'kupita. Patatha milungu iwiri magetsi azima, abwera, ndipo pulogalamu ija kulibe. Ndikunena izi chifukwa inenso ndinachitapo, ndipo ndinabwerera ku Katoto mvula ili pamsana kukalemba liwu limodzi.

Amene muli pa Windows musaone ngati izi ndi zachilendo kwanu. Kumenekonso kernel imadzutsa smss.exe, kuchokera apo kumabwera wininit.exe, imene imadzutsa services.exe, woyang'anira ntchito zonse zakuseri. Safe Mode ndi msuweni wa runlevel 1. Foni ya Android ili m'thumba mwanuyo ili ndi kernel ya Linux ndi init wakewake, PID 1, amene amawerenga mafayilo a .rc n'kudzutsa process yotchedwa zygote, ndipo ma app anu onse amabadwa mwa fork kuchokera kwa iyo.

Tsono sikirini yakuda ya ku Luwinga ija inkanena chiyani? Inalemba kuti makina ali mu emergency mode, n'kupempha pasiwedi ya root. Mawu okhawo anandiuza zambiri ndisanagwire kiyibodi. POST yadutsa. GRUB yagwira ntchito. Kernel ili moyo, disiki yaikulu yapezeka, ndipo PID 1 ali maso, chifukwa ndi iye amene akulankhula nane. Emergency.target ili pansi pa rescue.target: systemd amakupatsa shell yokha, pafupifupi china chilichonse chisanayake. Amafika kumeneko kawirikawiri pamene disiki ina imene anauzidwa kuti ndi yofunika yalephera kulumikizidwa. Ndinalowa n'kulemba journalctl -xb, lamulo loonetsa kaundula wa zonse zimene zachitika m'kuyaka kumeneku. Mizere yofiira inali yochepa. Anadikira chipangizo china mpaka nthawi inatha, ndiwo masekondi 90 amene systemd amadikira ngati sunamuuze zina. Chifukwa cha icho foda ya backup sinalumikizidwe, chifukwa cha iyo local-fs.target inagwa, ndipo imeneyo ikagwa njira yake ndi ya ku emergency.

Chipangizocho chinali disiki yakunja, ya mtundu uja wokhala ndi adaputala yakeyake ya magetsi, imene ndinailemba mu /etc/fstab, fayilo yonena ma disiki oyenera kulumikizidwa poyaka. Ndinagwada pansi pa tebulo. Kagetsi ka disikiyo kanali kozima. Pa extension, pamalo pa adaputala yake, panali tchaja, ndipo chingwe cha tchajayo chinkakwera mpaka pa shelefu pomwe panagona foni.

"Iwe, foni iyi ndi ya ndani?" anafunsa amayi aja.

Mnyamata anayang'ana fulashi yake ija ngati muli yankho. Anaichotsa adaputalayo dzulo lake madzulo, ndipo makina sanadandaule chifukwa anali oyaka kale. Vuto linadikira kuyaka kotsatira.

Koma mlandu sunali wake yekha, theka linali langa. Disiki ya backup si yofunika kuti pulinta igwire ntchito, ndipo ine ndinailemba mu fstab ngati kuti popanda iyo moyo palibe. Mzere uliwonse wa mmenemo systemd amautenga ngati Requires, pokhapokha utawonjezera liwu lakuti nofail, limene limausandutsa Wants. Ndinaliwonjezera. Koma nofail ili ndi mbuna yake. Disiki ikasowa makina amayaka bwinobwino, foda ya backup imakhalapo yopanda kanthu, ndipo pulogalamu ya backup imathira mafayilo mmenemo, pa disiki yaikulu yomweyo, mpaka kuidzaza, eni ake akuganiza kuti ali ndi backup. Choncho mu unit ya backup ndinaikamo RequiresMountsFor, kuloza foda ija, kuti disiki ikasowa backup yokhayo ndiyo ikane kuyamba n'kusiya dandaulo m'kaundula, pulinta ndi mafayilo zipitirire.

Ndinabwezera adaputala, n'kulemba systemctl default, ndipo makina anapitiriza ulendo kuchokera pomwe anaimira. Pasanathe mphindi pulinta inayamba kukoka pepala loyamba.

Mzere wa ophunzira ukuchepa, mnyamata uja anandifunsa chimene ndikanachita ndikanaiwala pasiwedi ya root. Ndinayang'ana kwa amayi aja kaye, iwo n'kugwedeza mutu kuti muuzeni. Pa kamndandanda ka GRUB ukadina e umatha kusintha mawu aja amene kernel imanong'onezedwa. Ukawonjezera systemd.unit=rescue.target makina amayakira mu rescue, koma kumeneko pasiwedi amafunsabe. Ukalemba init=/bin/bash nkhani ndi ina. Kernel sifunsa kuti nambala 1 ndi ndani, imadzutsa amene yauzidwa, ndipo apa imadzutsa shell wamba yokhala ndi mphamvu zonse za root, popanda wofunsa pasiwedi, chifukwa wofunsayo sanabadwe. Aliyense wofika pa kiyibodi ya makina amene GRUB yake ilibe pasiwedi ndipo disiki yake sinabisidwe ndi encryption angathe kuchita zimenezi m'mphindi ziwiri.

Amayi aja anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali m'chiuno. "Ndiye mukuti mafayilo a anthu onsewa, aliyense wokhala pampando uwu angawatsegule?"

"Eya amayi, ngati akudziwa zimene ndanenazi."

"Ndipo mwangomuphunzitsa uyu."

Tinagwirizana kuti Loweruka ndibwere kudzaika pasiwedi pa GRUB ndi pa BIOS. Kiyibodi ya sevayo anaizula okha n'kuitsekera m'kabati ya inki, ndipo adaputala ya disiki anaikulunga selotepi pamodzi ndi extension yake, kuzungulira kanayi.